Ndemanga yanga pa labu ya plasma imene inandipangira ufa wa titanium dioxide ku Joni

Anzanga angapo amene tikuphunzira nawo kuno ku Joni akhala akundifunsa kuti aise, labu ija unapititsako ufa wako inakuthandiza kapena ndalama zinangolowa m'madzi, nde m'malo moyankha mmodzimmodzi ndati bola ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere yekha. Dzina la labuyo sinditchula, chifukwa pali zina zomwe sizinayende bwino ndipo sindikufuna kuti anthu amene anadzandithandiza kumapeto aoneke oipa. Pa nyenyezi zisanu ine ndikuwapatsa zitatu ndi theka. Makina awo ndi abwino zedi, bambo amene amawayendetsa amaidziwa ntchito, koma ofesi yolandira maoda inandidyera miyezi iwiri ya maphunziro anga, ndipo mpaka pano ndikaganiza mtima umandipwetekabe.

Kwa amene simuli mu zasayansizi ndiyambe ndi ufawo. Titanium dioxide ndi ufa woyera mbee umene mumakumana nawo tsiku lililonse osadziwa, ndi umene umayeretsa penti wa m'nyumba, umapezeka mu mapepala, mu mapulasitiki, mu mankhwala ena otsukira mano, komanso mu mafuta ambiri oteteza khungu ku dzuwa ngati amene abale athu achialubino amadzola. Wa mu pentiwo timibulu take timakhala ta ma nanometer 200 mpaka 300, koma ine ndimafuna tochepera 100. Kuti mumvetse kuchepa kwake, tsitsi limodzi la munthu kunenepa kwake ndi ma nanometer pakati pa 50,000 ndi 100,000. Ufa ukachepa chonchi umayamba khalidwe lina, ukawombedwa ndi kuwala kwa UV, kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso kuja, umatha kuphwanya utoto, mafuta ndi tizilombo tomwe tili m'madzi. Nkhaniyi inatchuka mu 1972 pamene Akira Fujishima ndi Kenichi Honda a ku Japan anaonetsa kuti titanium dioxide ikawalidwa imatha kugawa madzi kukhala hydrogen ndi okosijeni. Ine ndinalowa mu zimenezi chifukwa cha kolera ya 2022 ndi 2023 ija inapha anthu oposa 1,700 kumudzi ku Malawi, ndinali kuno ndikungomva pafoni kuti uje wagonekedwa, uje watisiya, nde ndinati ngati dzuwa tili nalo lambiri chonchi bwanji osaligwiritsa ntchito yoyeretsa madzi.

Poyamba ndinkapanga ndekha ufawu pa labu ya kusukulu kwathu, njira ija amati sol-gel, kusakaniza mankhwala amadzimadzi mu bikala, kutakasa, kudikira, kuumitsa kenako kuwotcha mu ng'anjo. Imagwira ntchito inde koma ndi yotopetsa, sabata yathunthu umapeza timagalamu tochepa, ndipo ukawotcha kwambiri timibulu timamatana kukhala zibuma, ukawotcha pang'ono mankhwala aja amatsalira. Asupavaiza anga ndi amene anati tayesa plasma, tione ngati ungapeze ufa wouma, woyera bwino, pa ulendo umodzi.

Plasma imeneyi si ya magazi ija ya kuchipatala ayi. Ndi gasi amene watenthedwa mpaka ma electron ayamba kuthawa pa ma atomu ake, nde gasiyo amayamba kudutsitsa magetsi ngati waya. Mphenzi ndi plasma, moto wa owotcherera zitsulo uja umathobwa m'maso ndi plasma. Makina a labuyi ndi a mtundu wa induction, pali payipi imene yazunguliridwa ndi koyilo ya kopa, mu koyilomo mumadutsa magetsi osinthasintha ka mamiliyoni angapo pa sekondi, ndipo gasi wa argon amene akudutsa mkati mwa payipi amayaka kukhala lawi lotentha madigiri pafupifupi 10,000. Pamwamba pa dzuwa penipenipo ndi madigiri 5,500 basi, ndiye ganizani. Payipi yotulutsa lawiyi amaitcha tochi, ndipo ya mtunduwu anayamba kuionetsa ndi Thomas Reed ku America mu 1961, ndipo masiku ano kampani yodziwika kwambiri yopanga makina oterewa ndi Tekna ya ku Sherbrooke ku Canada, imene anaiyambitsa ndi pulofesa Maher Boulos mu 1990. Ubwino wa induction ndi woti mulibe ma electrode okhudzana ndi lawi, kusiyana ndi matochi a DC amene chitsulo chake cha tungsten kapena kopa chimadyeka pang'onopang'ono n'kumagwera mu ufa wako. Titanium dioxide imasungunuka pa madigiri 1,843 ndipo imawira ikayandikira 3,000, nde ukaiponya mu lawi la 10,000 imasanduka nthunzi nthawi yomweyo. Kunsi kwa lawi amapemerera gasi wozizira mwamphamvu, nthunzi ija imazizira mwadzidzidzi, madigiri masauzande mazanamazana pa sekondi imodzi, ndipo m'malo mopanga mibulu ikuluikulu imaundana kukhala timibulu tosaoneka ndi maso tomwe timakakodwa mu sefa. Zonsezi kuyambira kulowa mpaka kutuluka sizikwana n'komwe sekondi.

Tsopano ku utumiki wawo. Imelo yanga yoyamba anayankha tsiku lomwelo, mwaulemu, n'kunditumizira fomu. Apa ndiye pali vuto loyamba, fomuyo ndi imodzi ya aliyense, kaya ukufuna ufa wa chitsulo kaya wa ceramic, mafunso ake ndi dzina la ufa, kulemera kwake, kukula kumene ukufuna, basi. Palibe pofunsa mtundu wa titanium dioxide umene ukufuna, anatase kapena rutile, palibe pofunsa gasi. Ine ndinalemba mmunsi mwa fomu ndi cholembera kuti ndikufuna anatase yambiri ndipo mu gasi mukhale okosijeni, ndinabwerezanso pa imelo. Kotesheni inabwera patatha sabata ziwiri, ndalama yake inali yoti ikanandilipirira lendi ya chipinda changa miyezi itatu, ndipo amawerengera tsiku la makina osati magalamu amene utatenge. Zimenezi sindikuwadandaula nazo kwenikweni chifukwa argon ndi wodula, magetsi amene makinawa amadya ndi ankhaninkhani, komanso akamaliza amayenera kumasula chilichonse n'kutsuka. Chomwe chinandiwawa ndi choti sanandiuze poyambirira kuti kuyeza ufa ndi XRD (makina a X-ray oonetsa mmene ma atomu asanjanirana) ndi BET (muyeso wa kukula kwa malo a kunja kwa timibulu tonse mu galamu imodzi) ndi ndalama ina yapadera, ndinadzaona pa invoisi.

Nditchulepo za anatase ndi rutile chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Titanium dioxide ndi imodzi koma ma atomu ake amatha kusanjana mitundu itatu, anatase, rutile ndi brookite. Rutile ndi yokhazikika, ndi imene imakondedwa mu penti, koma pa ntchito yoyeretsa madzi ndi kuwala anatase nthawi zambiri ndi imene imalimbikira. Anatase ukaitenthetsa kupitirira madigiri 600 kapena 700 imayamba kusanduka rutile ndipo sibwereranso. Ndiye munthu ungaganize kuti mu moto wa 10,000 zonse zituluka rutile, koma ayi, nthunzi ikazizira mothamanga kwambiri anatase ndi imene imayamba kubadwa, ndipo isanapeze mpata wosintha imakhala yazizira kale. Ichi ndi chimene chinandikopa ine ku plasma. Koma pamafunika zinthu ziwiri, kuziziritsa kwamphamvu ndi okosijeni wokwanira. Okosijeni akachepa ufa umataya wake womwe uli nawo, rutile imachuluka, ndipo mtundu umasintha.

Ndinapereka ufa wanga wa rutile wogula, wa timibulu ta ma micron (micron imodzi ndi ma nanometer 1,000), kilogalamu imodzi. Anati sabata zitatu. Zinakwana zisanu ndi ziwiri. Mbali ina ndikumvetsa, inali nthawi ija magetsi ankangothimathima dziko lonse ndipo makinawa sungawayatse ukudziwa kuti pakatha maola awiri magetsi apita, chifukwa madzi oziziritsa tochi akaima lawi lili mkati ndiye kuti payipi yaphulika. Koma kundiuza kokha sakanatha? Ndinkachita kuimba ndekha Lachisanu lililonse, yankho lake lomwelomwelo, muli pa mzere.

Tsiku limene phukusi linafika ndinalitsegula pamaso pa mnzanga wa ku Zambia amene timagawana benchi. Botolo lapulasitiki, lomatidwa bwino ndi tepi, lebulo yolembedwa bwinobwino. Kuyang'ana mkati, ufa wotuwa mopita ku buluu, ngati phulusa la pa mbaula litanyowa pang'ono. Mnzangayo anangoti mwana wa amayi, uyu si ufa wako. Ine thukuta linayamba kutuluka m'manja muli magolovesi. Titanium dioxide yabwinobwino imayenera kuyera ngati ufa woyera wa pamphasa, ikatuwa chonchi ndiye kuti yaperewera okosijeni, titanium wina watsika kuchoka pa 4+ kufika pa 3+. Titaika pa XRD zinaonekeratu. Pa graph ya XRD anatase imaonetsa nsonga yake yaikulu pa madigiri 25.3 (a ngodya, osati a kutentha), rutile pa 27.4, nde kwa ine ya 27.4 ndi imene inatalika ngati mlongoti, ya 25.3 kangokhala kachitsa, kuphatikizanso tinsonga tina tating'ono ta ma oxide operewera okosijeni aja amatchedwa Magnéli. Pa maikulosikopu ya ma electron ndinaona timibulu tabwino tozungulira ta nano inde, koma pakati pake pali mipira ikuluikulu ya ma micron, yosalala ngati mazira a nsomba, kusonyeza kuti ufa wina unangosungunuka osasanduka nthunzi, unadutsa mu lawi mothamanga kapena anauthira wambiri nthawi imodzi.

Lipoti lomwe anatumiza limodzi ndi botolo linali tsamba limodzi, mphamvu ya magetsi, nthawi, kulemera kwa ufa. Za gasi sanalembe. Nditafunsa ndi pamene zinadziwika kuti mawu anga a mmunsi mwa fomu aja sanafike kwa oyendetsa makina, a ku ofesi anangokopera mabokosi a fomu mu kompyuta, zolemba pamanja n'kuzisiya. Ndiye bachi yanga inayendetsedwa ndi argon ndi hydrogen pang'ono, gasi amene amagwiritsa ntchito pa ufa wa zitsulo, hydrogen amathandiza kutenthetsa inde koma amalandanso okosijeni. Apa ndinakwiya zenizeni, ndinalemba imelo yaitali ndi ma graph onse, asupavaiza anasainira nawo. Kunena chilungamo sanakane mlandu. Patatha masiku anayi anandiimbira kuti tibwereza ulere, gasi yekha ndi amene mulipire theka, ndipo ngati mukufuna bwerani mudzaonerere. Theka la nyenyezi lija ndawawonjezera chifukwa cha foni imeneyi.

Tsiku limenelo ndi limene linasintha maganizo anga pa malowa. Ndinafika 7 koloko mmawa, anandipatsa ovolosi, magalasi akuda ndi zotseka m'makutu. Oyendetsa makina ndi bambo wachikulire wa imvi, wosalankhulalankhula, ndinkangowatchula kuti bambo basi. Makinawo ndi aatali kuposa munthu, tochi ili pamwamba ukwere masitepe achitsulo, kunsi kwake thanki yasiliva yonyezimira yokhala ndi kawindo kagalasi lochindikala, kenako payipi yopita ku cyclone imene imazunguza gasi kuti timibulu tokulirapo tigwe pansi, kenako ma sefa. Asanayatse chilichonse anatenga ufa wanga wotsala n'kuupaka pakati pa zala ziwiri za golovesi, n'kupukusa mutu. Anati mwana wanga, ufa uwu wamwa chinyontho, umagwa mu fida, kamakina kothira ufa mu lawi, ngati zibuma, nde chibuma chikalowa mu lawi kunja kokha ndi kumene kumapsa. Anauika mu uvuni maola awiri, kenako n'kuusefa. Zimenezi palibe anandiuzapo, olo pepala limodzi mwa onse ndinawerenga aja.

Kuyatsa kwake amayamba achotsa mpweya mu thanki ndi pampu, kenako argon pang'ono, kenako magetsi. Pa kawindo paja panayamba kuwala kofiirira mopita ku pinki kodzadza thanki yonse, ndiye akumawonjezera gasi ndi mphamvu pang'onopang'ono kuwala kuja kunasonkhana pakati n'kukhala lawi limodzi loyera loti olo ndi magalasi akuda sungaliyang'ane nthawi yaitali. Phokoso lake ngati ndege ili patali, pansi pakunjenjemera pang'ono. Atatsegula okosijeni mu gasi wa m'mbali uja amateteza khoma la payipi, phokoso linasintha, iwo osayang'ana n'komwe pa sikirini anangoti walowa. Gasi amalowa malo anayi, wina wonyamula ufa kudzera mu kapayipi kapakati koziziritsidwa ndi madzi, wina wozungulira amene amayaka, wina wa m'mbali, ndi wozimitsa uja wa kunsi. Anatsitsa liwiro la fida kufika pa theka la ulendo woyamba, n'kukweza gasi woziziritsa. Ndinafunsa kuti bambo, bwanji osangothira wambiri timalize msanga, anati lawi lili ngati mphika, ukadzaza kwambiri pansi pamapserera pamwamba pali pawisi. Ufa utayamba kulowa, mchira wa lawi unasintha mtundu ndipo mu thanki munayamba kuoneka kautsi koyera kakuzungulira, kameneko ndiye kanali ma nanoparticles anga. Ndinaima pa kawindo paja mpaka khosi kuwawa.

Tinayendetsa maola awiri ndi theka, kudikira kuti zizizire ola lina. Potsegula ndi pamene ndinaona kusamala kwa bambowa. Onse tinavala mamasiki a sefa enieni osati a nsalu aja, fani yokoka mpweya ikulira, ndipo ufa wa malo aliwonse anauika mu botolo lakelake, wa pansi pa thanki pawokha, wa mu cyclone pawokha, wa mu sefa pawokha. Ulendo woyamba uja anali atangosakaniza zonse, ndi chifukwa chake munali mipira ikuluikulu ija. Wa mu sefa unali woyera mbee, wopepuka moti botolo lodzadza ukalinyamula umakhala ngati mulibe kanthu, umamatirira ku sipuni ndi ku khoma la botolo, ukangopumira pafupi umauluka ngati utsi. Pa ufa wonse umene tinathira, wa mu sefa sunafike n'komwe theka, wina unatsalira m'makoma ndi mu cyclone. Amene mukufuna kupita kumeneko dziwiranitu zimenezi, kilogalamu yolowa si kilogalamu yotuluka.

Za mamasikizi musazitenge mwachibwana. Bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO, linaika titanium dioxide mu gulu 2B, kutanthauza kuti mwina ingayambitse khansa ukamaipuma ngati fumbi, ndipo NIOSH ya ku America, yoona za umoyo wa anthu pa ntchito, mu 2011 inalangiza kuti fumbi la nano lisapitirire 0.3 mg pa cubic metre ya mpweya pamalo a ntchito, pomwe la timibulu tokulirapo anati 2.4. Ku European Union analetsa kuika ufawu mu zakudya kuyambira 2022, uja ankaulemba kuti E171 pa maswiti ndi zina. Pa nkhani iyi labuyi ndikuipatsa zisanu zonse, palibe amene anatsegula botolo kunja kwa kabati yokoka mpweya, ndipo pansi amakolopa ndi chonyowa, tsache sililoledwa.

Zotsatira za bachi yachiwiri zinandikhazika mtima pansi. Nsonga ya 25.3 inatalika, ya 27.4 inafupika, nditawerengera ndi njira ya Spurr ndi Myers yofanizira kutalika kwa nsonga ziwirizi ndinapeza kuti pafupifupi magawo atatu pa anayi ndi anatase. Nsongazo zinali zakuthwa bwino, kusonyeza kuti ma crystal anapangika mokwanira popanda kuwotchanso mu ng'anjo, chinthu chimene sol-gel yanga sinandipatsepo. BET inapereka pafupifupi 30 square metres pa galamu, ndipo ukachita samu ija ya 6000 kugawa ndi kulemera kwa anatase 3.9 kenako kugawanso ndi 30 umapeza timibulu ta ma nanometer 50 kapena kuposera pang'ono. Pa maikulosikopu ya ma electron ija timibulu tozungulira bwino, koma osati tofanana, tina ta 15, tina ta 40, tina topitirira 100. Ili ndi khalidwe la plasma, nthunzi ina imadutsa pakati pa lawi ina m'mbali, nde sizizizira mofanana. Ngati ntchito yanu ikufuna timibulu tofanana ndendende ngati mikanda, plasma si njira yanu.

Tsopano funso lenileni, kodi umayeretsa madzi? Ndinayesa ndi utoto wa methylene blue padenga la dipatimenti yathu masana dzuwa likuswa mtengo. Mabikala anayi, ina ufa wotuwa uja, ina woyera wa plasma, ina P25, ina yopanda ufa. P25 ndi ufa wa kampani ya Evonik ya ku Germany, kale inkatchedwa Degussa, umapangidwa powotcha titanium tetrachloride mu lawi la hydrogen ndi okosijeni, timibulu take ndi ta ma nanometer 21, BET yake pafupifupi 50, anatase yochuluka ndi rutile pang'ono, ndipo aliyense mu fildi ino amayezera ufa wake pa umenewu. Umayamba wasunga mabikala mu mdima mphindi 30 ukutakasa kuti utoto womatirira pa ufa umatiriretu, kenako kutulutsa padzuwa, mphindi 15 zilizonse kutapa pang'ono, kuzunguza pa makina a centrifuge kuti ufa udikhe, kuyeza utoto wotsala ndi kuwala kwa ma nanometer (nm) 664. P25 inapambana, ndipo sindibisa, madzi ake anayera ine ndisanamalize n'komwe kulemba manambala a ulendo wachitatu. Wa plasma woyera unatsatira, unatenga nthawi pafupifupi kawiri koma unafika, madzi abuluu bii mpaka kuyera ngati a pa mpopi. Wotuwa uja ndinali ndi chiyembekezo kuti mwina poti ndi wakuda umwa kuwala kooneka ndi maso, pajatu anatase imangogwira kuwala kochepera 387 nm, kumene ndi gawo laling'ono kwambiri la dzuwa, pafupifupi 5 pa 100. Koma ayi, unatsalira kumbuyo. Nditauwotcha mu ng'anjo pa madigiri 450 mu mpweya wamba unayera, koma rutile ndi mipira ija zinakhalabe momwemo.

Pali chimodzi chimene wa plasma unaposa P25 ndipo kwa ine ndi chachikulu. Ukamaliza kuyeretsa madzi umayenera kuchotsamo ufa uja, sungapatse munthu madzi a mkaka kuti amwe. P25 imakhala yoyandama m'madzi kwa nthawi yaitali, imatseka sefa, kuichotsa ndi ntchito. Wa plasma nditasintha pH (muyeso wa asidi m'madzi) kufika pafupi ndi 6, pamene timibulu ta titanium dioxide timasiya kukankhana, unadikha pansi msanga madzi a pamwamba n'kutsala oyera, ndipo ndinaugwiritsa ntchito kasanu osaona kufooka kwenikweni. Kumudzi kulibe centrifuge, nde ufa umene umadikha wokha ndi umene ungagwire ntchito mu ndowa. Komanso poti tinayambira ku ufa wa oxide osati titanium tetrachloride, munalibe chlorine wotsalira, ndipo sitinalimbane ndi madzi oopsa aja amafuka utsi wa asidi ukangotsegula botolo.

Ndiye ndani apite kumeneko? Ngati mukungofuna ufa woyesera kuphwanya utoto kuti mumalize digiri, gulani P25, ndi yotchipa kutalitali ndipo ma examiner amaidziwa. Plasma ndi ya munthu amene akufuna chinthu chomwe sichigulitsidwa mu botolo, mwachitsanzo kulowetsa chitsulo china ngati iron mkati mwa crystal, kapena kusewera ndi kuchuluka kwa anatase ndi rutile, kapena kuyambira ku mchenga wako. Ndipo mukapita musadalire fomu. Lembani pa imelo yapadera gasi amene mukufuna, liwiro la fida, kuti ufa wa mu sefa usasakanizidwe ndi wa mu cyclone, funsani kuti makina anayendetsa chani musanabwere inu ndipo atsuka bwanji, pemphani kuti ziwerengero zonse za gasi zilembedwe mu lipoti, ndipo koposa zonse pemphani kulankhula ndi amene amayendetsa makinawo, osati a pa desiki okha. Mukatha kupita nokha pitani, olo zitanthauze kukwera ma taxi atatu ngati ine.

Pamene tinkadikira kuti thanki izizire bambo aja anandifunsa kwathu. Nditati ku Malawi, chigawo chapakati, anati aaa kumene kwapezeka rutile kuja. Ndinadabwa kuti akudziwa. Kwathu ndi kufupi ndi Kasiya ku Lilongwe, kumene kampani ya Sovereign Metals ya ku Australia inapeza rutile amene akuti ndi wochuluka kuposa malo ena aliwonse pa dziko lapansi, malinga ndi ziwerengero za mu 2023 dothi lokwana matani 1.8 biliyoni lokhala ndi rutile pafupifupi 1 pa 100 kuphatikizapo graphite, ndipo Rio Tinto inagulamo masheya mu 2023. Dothi lake ndi lofewa, lomwe lija tinkalima fodya ndi chimanga tili ana, tikumadandaula kuti likumata ku makasu. Ku Makanjira ku Mangochi kulinso mchenga wakuda wa titanium m'mbali mwa nyanja, ku Mozambique akukumba kale ku Moma, kuno ku Richards Bay ayamba kalekale. Ine ndinaima pamenepo nditanyamula kabotolo ka magalamu ochepa kamene kandidyera lendi ya miyezi itatu, ndikuganiza kuti zipangizo zake zili pansi pa munda wa agogo anga, ndipo zikadzayamba kukumbidwa zidzakwera sitima kupita ku Nacala zili mchenga. Sindikunena kuti mawa timange makina a plasma ku Kasiya, magetsi ake okha ndi nkhani, argon tilibe. Koma ophunzira a ku MUST, ku MUBAS ndi ku UNIMA akuyenera kumaugwira mchengawu m'manja, kuuyeza, kudziwa kuti muli iron wochuluka bwanji ndi zina zotani, chifukwa rutile wachilengedwe amakhala pafupifupi 95 pa 100 titanium dioxide, zotsalazo ndi zimene zingathandize kapena kuwononga ufa wa nano.

Ndinawafunsa bambowo ngati angalole kuyendetsa mchenga wa kwathu mu makina awo. Anaseka pang'ono n'kuti makina sasankha dziko, bola mapepala otulutsira sampulo m'dziko mwanu akhale olongosoka ndipo a ku ofesi alembe zonse zimene tagwirizana, nthawi ino ndikasainira ndekha. Panopa ndikuthamanga ndi mapepalawo, achimwene anga ku Lilongwe ndi amene akundiyendera m'maofesi. Bambo aja anati ndikabweretse wopera bwino, wodutsa pa sefa ya ma micron 45, wochapa kuti dongo lichoke, komanso wouma gwa, chifukwa wachinyontho umatseka kapayipi ka fida ndipo tsiku la makina limawerengedwabe olo ufa usanalowe.